Funsani Azakhali: Mwana wanga akudwala koma amayi a mapemphero akulambalala khomo langa

Moni nonse okonda tsamba lino. Mwezi uno mauthenga ambiri omwe afika ndi a anthu a mpingo wa Angilikani, mpingo wanga womwe, nde ndangoti tiwaike pamodzi. Paja ine si wansembe ayi, ndine namwino wopuma pantchito komanso mayi wa Mothers' Union. Maina sitilemba monga mwa nthawi zonse.

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 58, wa Angilikani chibadwire. Mwana wanga wachiwiri wakhala ku Joni nthawi yaitali, ndi amene anatimangira nyumba ya malata tikugonamoyi. Pano wabwera akudwala impso, miyendo yatupa, adokotala akuti ndi BP yomwe sankaidziwa. Vuto ndi loti kuno anthu anamva kale kuti ku Joniko amakhala ndi mwamuna mnzake ngati banja, ineyo anandiuza yekha chaka chatha, ndinalira koma nanga nkutani ndi mwana wanga basi. Nde amayi anzanga omwe timayendera limodzi odwala, khomo langa akulilambalala, sabata yatha anadzapemphera nyumba yoyandikana nafe ine ndikumva nyimbo pawindo koma kwathu osaponda. Wina anandiuza kuchigayo kuti matendawo ndi chilango, ati ayambe walapa pagulu kenako abwera. Ansembe ndikuopa kuwaitana kuti mwina nawonso akana nde manyazi achuluka. Mwanayo usiku amandifunsa kuti amayi kodi Mulungu amandimvabe ine? Nditani Azakhali?

*Mayi wosweka mtima, Zomba*

Amayi anga pepani kwambiri. Kudwazika mwana nkowawa kale, nanji kumva nyimbo za anzanu khomo lachiwiri, zimenezo zokha zitha kukugonekani inunso. Ndiyambe ndi funso la mwanayo chifukwa silingadikire mawa. Usiku uno akafunsanso mumuuze kuti eya Mulungu amamumva, ndipo musayankhe mokayika.

Amenewa si maganizo a Azakhali okha. M'chaka cha 1998 mabishopu a Angilikani a dziko lonse anakumana ku msonkhano wa Lambeth ku England nkugwirizana mfundo ija amaitchula kuti 1.10, mabishopu 526 anavomereza, 70 anakana. Mfundoyo inanenadi kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, inati kugonana amuna kapena akazi okhaokha sikugwirizana ndi Malembo, ndipo sinalole kudalitsa maukwati otero, mbali imeneyi aliyense amaidziwa pamtima. Koma pepala lomwelo linanenanso kuti anthu ngati mwana wanuyo Mulungu amawakonda, kuti onse obatizidwa ndi okhulupirira ndi ziwalo zenizeni za thupi la Khristu, kuti mpingo uziwamvetsera ndi kuwatumikira mwachifundo, mpaka linadzudzula mantha opanda pake omwe anthu amakhala nawo pa iwo. Ife timawerenga theka loyamba nkutseka buku. Amayi omwe akulambalala khomo lanuwo akuona ngati akuteteza chiphunzitso cha mpingo, chonsecho akuphwanya theka lake.

Za chilangozo ndiyankhe ngati namwino. Impso zimaonongeka kwambiri ndi BP komanso shuga, ndipo BP imadya munthu mwakachetechete zaka osamva kuwawa pena paliponse. Ndasamalirako akuluampingo otupa miyendo chimodzimodzi, agogo osajomba Misa, ana asukulu, palibe anawanena kuti ndi chilango. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, Yesu anati palibe, nkumuchiritsa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba atangokhala naye pansi chete, atayamba kumufufuza machimo mpamene anaononga, ndipo kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo.

Msewu umenewu tinaudutsa kale abale. Ife tinagwira ntchito m'ma wodi zaka za m'ma 1990 ma ARV kusanabwere timakumbuka, odwala ena pabedi ena pansi, magadiyani atayala zitenje kunsi kwa mabedi, fulasiki ya phala itazizira poti wodwala sakumeza. Nthawi yoona odwala m'mawa magulu a mapemphero ankalowa nkuimba makolasi, koma panali mabedi ena omwe ankawadumpha akunong'onezana kuti uyu ndi zake zomwe, anazifuna yekha. Anthu anafa okhaokha atayang'ana kukhoma. Kenako matenda aja analowa m'nyumba za onong'ona aja, analowa m'nyumba za abusa, mpamene tinaphunzira mochedwa kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Wansembe wa Angilikani wa ku Uganda, Canon Gideon Byamugisha, anaulula poyera mu 1992 kuti ali ndi kachilombo, woyamba mwa atsogoleri achipembedzo mu Africa muno, ndipo zinathandiza mipingo yambiri kutsegula maso. Zimandiwawa kuona kuti phunziro tinaligula ndi maliro ochuluka chonchija tikulitayanso.

Tsono tsegulani Yakobo 5 kuyambira ndime 14. Akuti wina akadwala aitane akulu a mpingo, amupempherere, amudzoze mafuta m'dzina la Ambuye. Sananene kuti akuluwo ayambe afufuza mbiri yake. Chikhululukiro chikutchulidwa pambuyo pa pemphero, ndipo ndime 16 ikuti muululirane machimo wina ndi mnzake, kusonyeza kuti obwera kudzapempherawo nawonso ali ndi zawo. Zolapitsa munthu wodwala pagulu ngati mtengo wogulira pemphero si za Angilikani. Kwathu kuno munthu akafuna kulapa amalapa kwa Mulungu, akafuna pamaso pa wansembe amatero awiriwiri, palibe okakamizidwa, ndipo wansembe zomwe wamvazo amapita nazo kumanda. Zoti mwana wanu akakamba chani ndi Mulungu wake pa moyo wake wa ku Joni ndi za iyeyo, si za kuchigayo.

Nde chochita ndi ichi. Mufunseni mwanayo kaye ngati akufuna ansembe abwere, ndi munthu wamkulu. Akavomera pitani nokha kunyumba ya ansembe, osati pa foni, osatinso kutuma munthu, mukangoti Bambo mwana wanga wobatizidwa mu mpingo uno akudwala, ndikupempha mudzamupempherere ndi kumudzoza. Mukawauze zomwe anthu akunenazo kuti azimve kwa inu. Ine ndikukhulupirira abwera, chifukwa kuyendera odwala ndi ntchito yomwe analonjeza tsiku lodzozedwa unsembe, ndipo m'buku lathu la mapemphero lakale lija la 1662 muli kale mwambo woyendera odwala ndi wowapatsa Mgonero kunyumba. Zikavuta, zomwe sindikuyembekeza, pitani kwa akidikoni kapena kwa wansembe woyendera odwala kuchipatala, musangokhala ndi chilonda mumtima.

Konzani katebulo pafupi ndi bedi, kansalu koyera, kandulo ngati ilipo. Abwera ndi kabotolo kakang'ono ka mafuta omwe bishopu amadalitsa m'Sabata Loyera, avala kansalu kawo ka m'khosi kaja, awerenga Mawu, asanjika manja pamutu pa mwanayo, kenako anyowetsa chala chachikulu nkulemba mtanda pachipumi. Pachipumi pomwe pajatu analembedwa mtanda ali khanda tsiku la ubatizo inu mutamunyamula. Akafuna kukamba nawo paokha inu tulukani mukatereke madzi a tiyi.

Amayi anzanuwo musalimbane nawo pa gulupu ya WhatsApp, mungozikolezera moto. Sankhani mmodzi wachikulire amene mumamudalira, mukamuuze maso ndi maso kuti inu ndi ine taphika limodzi m'maliro angati, lero mwana wanga ali gone simungabwere olo kudzangoimba nyimbo imodzi? Ambiri mwa iwo si ankhanza ayi, akungoopa kunenedwa, akayamba mmodzi ena atsatira. Ndipo kwa amayi a magulu onse amene mukuwerenga, yunifolomu tavalayi si yoweruzira milandu. Kupempherera wodwala sikutanthauza kuti mwasainira zonse za moyo wake, mukadatero bwenzi palibe khomo lomwe mukadalowa.

Chinanso musamale. Malamulo a dziko lino, ndime 153 ndi 156 za Penal Code, amaika nkhani zimenezi pa milandu mpaka zaka 14 kundende, ndipo khoti linagamula mu June 2024 kuti malamulowo akhalebe. Nde mphekesera za kuchigayozo zitha kuika moyo wa munthu pachiswe, musamafotokozere aliyense. Musalolenso wina abwere ndi zoti amuchotse ziwanda pomukuwiza, kumugwetsa kapena kumusalitsa kudya, wodwala impso satero. Asamwe zitsamba za m'mabotolo, asagule yekha mankhwala opha ululu monga brufen kapena diclofenac chifukwa amamaliza impso, mchere muchepetse, mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lakuchipatala asajombe kuti ngati pafunika makina osefa magazi aja amutumize ku Queens kapena ku Kamuzu Central nthawi ilipo. Ndipo munthu uja wa ku Joni akaimba kufunsa mmene wagonera, foni musaibise. Wodwala akasowa omufunsa amafooka msanga kuposa mmene matenda akumufoolera.

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 26 ndimaimba kwaya. Kuntchito anzanga amandiseka daily ati mpingo wanu uja unavomereza ma gay, ati posachedwa muzimangitsa maukwati a amuna okhaokha, mpaka amanditumizira ma video pa Facebook. Ine ndimasowa choyankha. Ndi zoona kodi? Bwenzi langa ndi la mpingo wina likuti ndingotuluka ndikalowe kwawo.

*Wa kwaya, Ndirande*

Mwanawe, yankho lachidule ndi loti ayi, mpingo wa Angilikani kuno ku Malawi sumangitsa kapena kudalitsa maukwati otero. Koma ma video anzako akutumizawo sikuti onse ndi abodza, nde bola udziwe nkhani yonse kusiyana nkumangokana.

Chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti Angilikani alibe Papa. Ndife banja la zigawo zoposa 40 ndipo chigawo chilichonse chimadzilamulira chokha ndi sinodi yake, msonkhano wake waukulu wopanga malamulo. Akibishopu wa ku Canterbury amalemekezedwa ngati mkulu pabanja koma sangalamule Likoma kapena Malosa kuti chitani chakuti. Ife tili m'chigawo cha Central Africa chomwe chinakhazikitsidwa mu 1955, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, ndipo m'dziko muno tili ndi madayosizi a Northern Malawi, Lake Malawi, Upper Shire ndi Southern Malawi. Zogwirizana ku London kapena ku America sizisintha malamulo a kuno pokhapokha sinodi yathu itafuna.

Moto weniweni unabuka mu 2003 pomwe mpingo wa Episcopal ku America unadzoza Gene Robinson, yemwe ankakhala ndi mwamuna mnzake, kukhala bishopu wa New Hampshire, patangopita zaka zisanu chigwirizanireni mfundo ya ku Lambeth ija. Mabishopu ambiri a ku Africa anati mwaphwanya pangano. Panakhazikitsidwa komiti yofuna kuzimitsa motowo yomwe inatulutsa lipoti la Windsor mu 2004, ndipo Mmalawi mnzathu Akibishopu Bernard Malango anali momwemo. Sizinatheke. Mu 2008 osakondwa aja anakumana ku Jerusalem nkuyambitsa gulu la GAFCON, mu 2015 aku America analoleza maukwatiwo m'matchalitchi mwawo, Scotland inatsatira mu 2017, ndipo msonkhano wa Lambeth wa 2022 mabishopu a ku Nigeria, Uganda ndi Rwanda sanapiteko nkomwe. Zomwe anzako akunenazo makamaka ndi za February 2023, pomwe sinodi ya Church of England inavomereza mapemphero odalitsa anthu awiri amuna kapena akazi okhaokha. Iwowo amati chiphunzitso cha ukwati sanasinthe, angololeza mapemphero, koma atsogoleri ambiri a Angilikani a mayiko a kummwera kwa dziko lapansi, monga a mu Africa muno, anati nchimodzimodzi, ena mpaka analengeza kuti sakumuonanso Justin Welby, Akibishopu wa ku Canterbury wa nthawi imeneyo, ngati mtsogoleri wawo.

Kunonso mkanganowu unatiwaula. Mu 2005 dayosizi ya Lake Malawi inasankha wansembe wa ku London, Nicholas Henderson, kukhala bishopu, koma bwalo la mabishopu lotsimikiza chisankho linamukana poona kuti anali m'gulu lina la ku England la maganizo omasuka pa nkhanizi. Akhristu anagawikana, ena akumufuna ena ayi, dayosizi inakhala zaka zingapo yopanda bishopu wakewake. Ku Zimbabwe zinafika poipa, Bishopu Nolbert Kunonga wa ku Harare anatulutsa dayosizi m'chigawo mu 2007 ponamizira nkhani yomweyi, nkulanda matchalitchi, masukulu ndi nyumba za ansembe, akhristu nkumapemphera pansi pa mitengo ndi m'matenti apolisi akuwathamangitsa, mpaka khoti lalikulu linabweza katunduyo mu 2012. Nchifukwa chake ine munthu akamakuwa kwambiri za nkhaniyi ndimayang'ananso dzanja lake linalo kuti lagwira chani.

Usanamizidwenso kuti ndi nkhondo ya azungu ndi anthu akuda basi. Desmond Tutu, Akibishopu wa Angilikani wa ku Cape Town yemwe anamwalira mu 2021, anaima poyera kuteteza anthu amenewa mpaka imfa yake, pomwe ku England ndi ku America komweko kuli akhristu ambiri omwe sagwirizana ndi kusinthako. Ngakhale Akatolika zinawafika, Vatican italoleza madalitso ena a anthu awiri amuna kapena akazi okhaokha mu December 2023 maepiskopi a kuno anakana kuti zisachitike m'Malawi. Nde mpingo wopanda mikangano suupeza, ukathawa uwu ukapeza wina.

Ineyo ndinakulira m'chiphunzitso choti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi ndipo ndi pomwe ndaima, koma sindilola kuti chikhale chifukwa chonyozera, kumenya kapena kupitikitsa mwana wa munthu mutchalitchi. Iweyo anzako akayambanso uwauze modekha kuti za ku England nza ku England, kuno malamulo athu ndi awa, basi, ndipo nthabwala zawo zonyoza anthu usasekerere nawo pofuna kudziyeretsa. Kutuluka mpingo chifukwa chosekedwa pa lunch ayi mwanawe. Ngati iwe ndi bwenzi lakolo mukuganiza za banja khalani pansi mukambe za chikhulupiriro chenicheni, ubatizo wa ana, Mgonero, komwe ana anu azikapemphera, osati za ma video.

Azakhali,

Ndili ku UK ndimagwira ya care. Tchalitchi cha Angilikani chapafupi ndi pomwe ndimakhala ansembe ake anadalitsako amayi awiri pa Misa. Anthu ake ndi abwino ananditenga ngati mwana wawo nditadwala, koma mtima ukundivuta polandira Mgonero. Ndikuchimwa?

*Mlongo wanu, Leeds*

Achemwali, simukuchimwa. Pa mfundo 39 zija za chikhulupiriro cha Angilikani, ya nambala 26 imanena kuti mphamvu ya sakalamenti sidalira kuyenera kwa wansembe, mwini wake ndi Khristu. Nde olo mukuona kuti ansembewo analakwitsa, Mgonerowo ndi Mgonero ndithu. Dziwaninso kuti ku England si parishi iliyonse imachita madalitsowo, wansembe sakakamizidwa, nde ngati chikumbumtima chikukanitsitsa mutha kufunsa parishi ina mu mzinda womwewo. Koma anthu anakuyenderani mukudwala kudziko la eni musawachokere mozemba ngati ngongole, kambani nawo ansembewo momasuka, muwauze komwe mukuchokera ndi zomwe zikukuvutani. Choopsa kwa inu panopa, ndi ma shift ausikuwo, ndi kungosiyiratu kupemphera.

Azakhali,

Bambo akunyumba akhala akumwa ma ARV zaka zambiri ndipo ali bwinobwino. Mwezi watha alamu anga anawatengera kwa mneneri wina, anagula madzi ndi mafuta odzozedwa. Atapita kuchipatala anawauza kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi, nde mneneri uja akuti umenewo ndi umboni woti achira ataye mankhwala, ati kumwabe ndi kusakhulupirira. Alamuwo akuti mapemphero athu a Angilikani ndi ozizira, owerenga m'buku, alibe moto. Bambo ayamba kudumphitsa masiku. Ndithandizeni.

*Mayi wa ana anayi, Salima*

Amayi, iyi ndi ya changu, musadikire Lamulungu. Kachilombo kusaoneka m'magazi sikuchira ayi. Makina oyeza aja amawerenga kuchuluka kwa kachilombo, munthu akamamwa bwino mankhwala kamachepa mpaka makina osakapeza, koma kamakhala kabisala m'thupi. Zotsatira zimenezo bambo akadazipeza olo akadapanda kupita kwa mneneriyo, ndi ntchito ya mapilitsi omwe akhala akumeza zaka zonsezi. Akasiya, pakangopita masabata ochepa kamachulukananso, ndipo kudumphitsa masiku nkoopsa zedi chifukwa kachilombo kamazolowera mankhwalawo, mapeto ake asiya kugwira ntchito nde ayambe ena ovuta. Inunso mukhala pachiopsezo, chifukwa munthu amene kachilombo sikakuoneka sapatsira mnzake, koma kakabwerera chitetezo chimenecho chatha. Mawa lomwe apite ku kiliniki, mupite nawo, akanene chilungamo kuti adumphitsa masiku angati, anamwino si apolisi.

Akuluakulu akukumbuka 1995 pomwe anthu miyandamiyanda anakhamukira kufupi ndi Liwonde kukamwa mchape wa Billy Chisupe, mankhwala omwe ankati amachiza Edzi, malole ndi mabasi kudzaza, aliyense ndi chigubu. Maliro sanasiye. Anayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Ife tinali ku wodi tinkapemphera usiku kuti Ambuye tumizani mankhwala, nde mankhwala abwera wina aziti kumwa ndi kusakhulupirira? Kwa ine kabotolo kaja ndi pemphero loyankhidwa.

Mpingo wathu chiyambire Bishopu Mackenzie atafika ku Magomero mu 1861 sunalekanitsepo pemphero ndi chipatala. Onani komwe kuli mishoni zathu, St Peter's ku Likoma, St Anne's ku Nkhotakota, St Martin's ku Malindi, St Luke's ku Malosa, tchalitchi apa chipatala apo, wansembe ndi namwino kulowa wodi imodzi. Luka yemwe analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Buku la Sira mutu 38, lomwe ife Angilikani timawerenganso, likuti lemekeza sing'anga poti mankhwala anawalenga ndi Ambuye, ukadwala pemphera komanso umuitane. Paulo amene anapempherera anthu nkuchira anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, sunachoke, anauzidwa kuti chisomo chikukwanira. Mulungu amachiritsa, ndimakhulupirira ndi mtima wonse ndipo ndaonapo anthu omwe tinawataya mtima akudzuka nkupempha nsima, koma sitimuuza njira yochiritsira, ndipo sitimuyesa potaya zomwe watipatsa.

Zoti mapemphero a m'buku ndi ozizira, aaa alamu anuwo sanakhalepo pambali pa munthu amene watsala pang'ono. Munthu woti sakuzindikira ana ake, mukayamba Atate athu a Kumwamba mumaona milomo ikugwedera kutsatira, chifukwa mawu aja analowa m'mafupa ali mwana. Tsiku lomwe mulibe mphamvu yopeka pemphero lanu, mawu a mpingo amakunyamulani. Kupemphera mokweza si tchimo, ngakhale kwathu magulu ena amatero ndipo nzabwino, koma Mulungu si wogontha. Ndipo mafuta a mpingo sagulitsa, Yesu anati munalandira ulere patsani ulere. Aliyense woika mtengo pa botolo nkuuza wodwala kuti ataye mankhwala, ameneyo muthaweni, maliro akachitika sadzagula ndi bokosi lomwe.

Musakangane ndi alamu pamaso pa bambo, amuna akaona kuti akukanganiridwa amaumirira. Apempheni ansembe abwere adzawadzoze ndi kupemphera nawo, botolo la mankhwala lili patebulo pomwepo, bambo amve kuchokera pakamwa pa wansembe kuti kumwa si kuchepa chikhulupiriro. Ankhoswe awo nawonso auzidwe.

Azakhali,

Agogo anga a zaka 84 akudwaladwala koma akukana kuti ansembe abwere ndi mafuta, ati akangodzozedwa ndiye kuti atsanzika. Tiwanyengerere bwanji?

*Mdzukulu, Nkhotakota*

Mdzukulu wanga, agogo akulankhula zomwe anaona, kale ansembe ankaitanidwa munthu akupuma komaliza nde anthu anazolowera kuti mafuta akalowa m'nyumba mawa kuli maliro. Koma pa Marko 6:13 ophunzira ankadzoza odwala nkumachira, mafutawa ndi opempherera moyo, munthu atha kudzozedwa kangapo, asanapite ku opaleshoni, matenda akabwerera, olo mwana wamng'ono. Ngati mukudziwa mnzawo wa agogo amene anadzozedwapo ndipo akuyenda, ameneyo ndiye abwere adzawauze, amumvera kuposa inu adzukulu. Akakanabe musawakakamize. Ansembe angobwera kudzacheza, aimbe nawo nyimbo yomwe agogo amaikonda, awapatse Mgonero, mafutawo akhale m'chikwama mpaka agogo atawapempha okha.